Pepala Lomwe Ajaji Sanawerenge

Achimwene anga sanaphunzirepo ku yunivesite, koma akhala moyang'anizana ndi chipata chake kwa zaka makumi awiri ndi zisanu. Iwo amati anatsala ndi mapazi khumi ndi anayi okha kuti alowe, poti ndiko kutambalala kwa msewu. Ali ndi kachipinda kochitira fotokope. Muli makina awiri, amodzi ogwira ntchito, enawo oikapo ketulo, ndiye tebulo lalitali ndi shelefu ya mapepala. Ine ndinayamba kuwathandiza bambo akunyumba kwanga atamwalira. Ntchito yanga ndi kusanja mapepala, kumenya sitepula ndi kumata zikuto. Ndi ntchito yabwino kwa munthu wosakonda kulankhula, makamaka ngati amene uli naye amalankhulira anthu awiri.

Sukulu anaisiyira panjira bambo athu atadwala, n'kukalowa ntchito yodula mapepala pa kampani ina yosindikiza mabuku. Kumeneko anatayako nsonga ya chala chamkombaphala, koma anatolako ulemu waukulu pa chilichonse cholembedwa. Kampaniyo itatsekedwa anagula makina akale n'kudzakhazikika pa msewu uno.

Chaka choyamba chomwecho kunachitika chinthu chomwe chinawasandutsa munthu amene ali lero. Mtsikana wina anabweretsa zolemba za mnzake kuti amuchitire fotokope, ndipo makina anadumpha tsamba limodzi, achimwene osaona. Funso la mayeso linachokera pa tsamba lomwelo. Mtsikanayo sanakalipe. Anangobwera kudzaima pakhomo, kuwauza, n'kumapita. Kuyambira tsiku limenelo anaika lamulo loti muno simutuluka pepala lisanadutse m'maso mwawo. Osati kungolisuzumira ayi, kuliwerenga ndithu, mzere ndi mzere, milomo ikugwedera. Ophunzira ankadandaula kuti bambowa ndi ochedwa, koma ankabwerabe, chifukwa chotuluka muno chinkakhala chathunthu.

Tsono nyumba yoyamba ukangolowa pachipata ndi ya ophunzira malamulo, kotero mapepala ambiri amene achimwene akhala akuwerenga ndi a malamulo. Mwa onsewo anakonda phunziro limodzi, la milandu ya kulakwirana, ija yoti munthu walakwira mnzake koma si nkhani ya apolisi kapena ndende, ndi nkhani ya chipukuta misozi. Phunziroli lili pawiri. Ongoyamba kumene amaphunzira za kusasamala: wasiya dzenje losakwirira, mnzako wagweramo. Achimwene amati limenelo ndi phala la ana. Lawo ndi la akuluakulu, a digiri yachiwiri, aja amabwera masana atavala mataye kuchokera kuntchito. Amenewo ndiwo amaphunzira za kusowetsa mtendere mnansi, kulowa pamalo a eni popanda chilolezo, kutsekera munthu popanda chifukwa, kutenga chinthu cha mnzako n'kuchiyesa chako, ndi kuipitsa mbiri ya munthu. Aphunzitsi a phunziroli asintha kanayi, achimwene ndi omwewo. Ophunzira anawapatsa dzina loti Ajaji, ndipo iwo sanalikane ngakhale tsiku limodzi.

Kukhala pafupi ndi Ajaji n'kukhala m'khoti losaweruka. Wowotcherera zitsulo akayatsa makina ake, iwo amapendeketsa mutu n'kunena kuti phokoso ili likadapitirira pang'ono, bwenzi ndi mlandu. Alamu anga, akazi awo, akaiwala kubweza ambulera ya mnansi, amauzidwa kuti kubwereka kwatsala pang'ono kusanduka kulanda. Tsiku lina ndinawakhomera m'chipinda osadziwa kuti akuwodzera kuseri kwa shelefu, ine n'kupita kukagula mawaya a sitepula. Pobwera ndinawapeza akadali mtulo. Atadzuka n'kumva zomwe ndinachita, nkhope yawo inawala ngati alandira mphatso. Anati ndawatsekera popanda chilolezo, ndipo kugona kwawo sikukundichotsera mlandu. Ndinawafunsa kuti chipukuta misozi chake n'chiyani poti misozi sinatuluke. Anati kapu ya tiyi ya shuga masipuni atatu.

Munthu mmodzi yekha ndiye sankaopa khoti limeneli: atelala a khomo lotsatira, a chitseko chobiriwira. Anafika pa msewu uno mwezi umodzi ndi achimwene. Pakati pa makomo awiriwa pali benchi, ndipo tsiku lililonse nthawi ya teni koloko awiriwa ankakhala pamenepo, aliyense ndi kapu yake, n'kumanyozana. Atelala ankawatcha Ajaji opanda khoti. Achimwene ankawatcha Asizasi. Mlandu wawo waukulu unali wa suti. Zaka zapitazo, mwana wawo akukwatiwa, achimwene anapereka nsalu mamita anayi kuti awasokere suti, ndipo jekete inatuluka yothina. Kuyambira pamenepo, tiyi asanapole, achimwene ankafunsa kuti, “Asizasi, mita yanga ina ija ili kuti?” Atelala ankayankha osakweza ndi mutu womwe, “Ili pamimba panupo, Ajaji, ivundukuleni.” Ankaseka ngati akuimva koyamba. Ine ndinaimva kwa zaka zisanu ndi ziwiri ndikumenya sitepula.

Pali chinthu chimodzi chomwe ndinkadziwa ine ndekha. Maso a achimwene anayamba kutha mphamvu. Poyamba ankatambasula mkono kuti pepala likhale kutali. Kenaka anayamba kuimirira pazenera. Pomaliza anangosiya kuvutika: ankanyamula pepala, kuliyang'ana, kugwedeza milomo monga kale, kugwedeza mutu, n'kuliika pansi. Ophunzira sankazindikira, chifukwa akafunsa funso Ajaji ankayankha kuchokera m'nkhokwe ya zaka makumi awiri ndi zisanu. Ine ndinayamba kuwerengera masamba mwakachetechete kuti pasasowe ndi limodzi lomwe. Kamodzi ndinatchula za magalasi. Anandiyang'ana ngati ndatukwana, n'kunena kuti, achemwali, jaji sapempha maso kwa munthu. Nkhaniyo ndinaisiya m'mapemphero.

Ndiye pali amayi ogulitsa mtedza wokazinga, amene amakhala pansi pa mtengo pafupi ndi chipata. Mapepala owonongeka, aja otuluka otuwa kapena okhala ndi mzere wakuda, achimwene amawapatsa amayiwa. Iwo amang'amba pepala lililonse pakati, theka lililonse n'kulikulunga ngati nyanga, n'kuthiramo mtedza. Koma nawonso mapepalawa ali ndi lamulo lake, ndipo msewu wonse ukulidziwa chifukwa Ajaji amalilengeza kawirikawiri: pepala lokhala ndi dzina la munthu, malikisi kapena chinsinsi silipita ku mtedza, limang'ambidwa tizidutswa muno momwe. Lopita ku mtedza ndi lokhalo limene Ajaji aliwerenga n'kulipeza losalakwa.

Chaka chathachi kunabwera aphunzitsi atsopano a phunziro lija la akuluakulu, mayi wachitsikana woyenda mwachangu, wonyamula mafayilo pachifuwa. Atafika pa mutu wa kuipitsa mbiri ya munthu anabweretsa tsamba limodzi, kuti tiwachitire makope makumi anayi. Makina anachita mwano tsiku limenelo, makope onse anatuluka ndi mzere wakuda m'mbali. Tinapukuta galasi n'kubwereza. Owonongekawo achimwene ananyamula limodzi, anagwedeza milomo, anagwedeza mutu, n'kupereka mulu wonse kwa amayi a mtedza. Ine ndinali kalikiliki ndi zikuto, sindinaliwerenge.

Tsambalo linali lotere. Pamwamba panali chidindo cha yunivesite ndi dzina la dipatimenti ya malamulo. M'munsi mwake munali mawu akuti: “Pafupi ndi chipata cha yunivesite pali telala wa chitseko chobiriwira. Kwa zaka zambiri wakhala akudula nsalu za makasitomala ake mobisa, n'kumasokera adzukulu ake madiresi.” Ndiye kumunsi kwa tsamba kunali kufotokoza kuti mawuwa ndi ongopeka, tiyerekeze kuti wawalemba ndi kasitomala wokwiya, ophunzira akambirane ngati telalayo angasume ndiponso angasumire yani. Amayi a mtedza anang'amba pakati monga mwa nthawi zonse. Theka la chidindo ndi telala linapita ndi anthu makumi anayi. Theka lonena kuti n'zopeka linapita ndi anthu ena makumi anayi, amene sanamvetse kuti chopekacho n'chiyani.

Msewu wathu uli pakhomo pa sukulu, anthu ake amawerenga chilichonse, makamaka akamatafuna. Pasanathe masiku atatu nkhani inali m'kamwam'kamwa, yoti a yunivesite achita kafukufuku ndipo amugwira telala uja. Makasitomala anayamba kubwera ndi matepi awo oyezera. Bambo wina anayeza buluku lake pakhonde pomwe, anthu akuona. Choipa kwambiri n'choti atelala alidi ndi adzukulu awiri aakazi, ndipo amawasokeradi madiresi a zigamba zamitundumitundu, zija makasitomala amasiya okha n'kunena kuti tayani. Anawo akamadutsa kuchokera kusukulu, azimayi anayamba kuwayang'anitsitsa, aliyense kufunafuna maluwa a nsalu yake. Ngakhale a kwaya ya kutchalitchi kwathu, amene anapereka mpukutu wansalu kuti asokere mayunifolomu, anatuma munthu kukautenga, ati aganize kaye. Ine ndimaimba nawo kwayayo, ndipo ndinachita manyazi.

Atelala anali omaliza kumva. Lachisanu m'mawa analowa m'chipinda mwathu, tepi ili m'khosi, n'kuyala kapepala kamafuta pa galasi la makina. Anakasalaza ndi chikhatho monga amasalazira nsalu.

“Ajaji, pepala ili lachokera muno?”

Achimwene anaona chidindo ndi mzere wakuda uja, anavomera.

“Ndipo muno simutuluka pepala musanaliwerenge.”

Achimwene anati ndi zoona, ndilo lamulo.

“Ndiye munawerenga,” anatero atelala motsitsa mawu. “Za mita ija ndimayesa tikuseka.”

Anatuluka. Ine ndinatola kapepalako n'kuwerenga mokweza, ngati ndikudziwerengera ndekha, kuti achimwene amve zomwe zalembedwa. Anakhala pansi pang'onopang'ono pa katoni ya mapepala. Teni koloko itakwana anatuluka ndi kapu yawo, koma pa benchi anakhala okha. Atelala anamwera tiyi m'kati, chitseko chili chotseka. Lolemba tinapeza chitsekocho chapakidwa penti ya buluu. Sizinathandize. Anthu anati mwaona, wosalakwa angasinthirenji chitseko?

Sabata imeneyo khoti la Ajaji linazenga mlandu umodzi wokha, ndipo woimbidwa mlandu anali jaji mwini. Ankayenda uku ndi uku pakati pa makina ndi shelefu, akuwerengera pa zala zawo zinayi ndi theka njira zomwe munthu amadzitetezera nazo pa mlandu wotere. Yoyamba, kunena kuti zolembedwazo n'zoona. Anapukusa mutu, anati Asizasi sangabe ndi ulusi womwe, jekete ija inathina chifukwa iwo ananenepa pakati pa kuyeza ndi ukwati. Aka kanali koyamba kumva akuvomera zimenezi, ndipo ndinadandaula kuti mboni ndinali ine ndekha. Yachiwiri, kunena kuti sindinalembe ndine. Anati imeneyo siipulumutsa, chifukwa wonyamula mawu oipa kuwapititsa kwa anthu amasenza nawo mlandu pamodzi ndi wolemba. Yachitatu, kunena kuti dzina silinatchulidwe. Anaseka mowawa, anati chitseko chobiriwira pa msewu uno n'chimodzi. Atafika pa chala chodukacho anaima.

Ndinafunsa kuti yachinayi ndi iti. Anati ilipo ya munthu amene anangopatsira pepala osadziwa zomwe zili m'kati mwake.

“Ndiye kaneneni imeneyo, achimwene,” ndinatero. “Ndi yoona.”

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Anazindikira kuti ndikudziwa, ndipo ndakhala ndikudziwa. Anayatsa makina opanda pepala n'kumamvetsera kulira kwake.

Ndinawamvetsa. Munthu amene sukulu inamuthawa ali mwana, n'kudzaipeza yekha pa galasi la fotokope, dzina lake lonse lili pa kuwerenga. Akanena kuti sakuwerenganso, Ajaji atha, kwatsala mkulu wodina batani. Koma akapanda kunena, atelala apita kumanda akukhulupirira kuti mnzawo wa pabenchi anawerenga mawu aja, n'kumwetulira, n'kuwapereka ku mtedza.

Anayesa njira zina kaye. Anayenda msewu wonse kutolera timapepala tija, koma madzi akatayika sawoleka: anapeza tisanu ndi kamodzi, kena kali m'ngalande. Anawatumizira atelala mabanzi kudzera mwa ine. Atelala anandilandira mwaulemu, anandifunsa za mwendo wanga wodwala, mabanziwo n'kuwapatsa wowotcherera zitsulo. Pomaliza achimwene anavala jekete yothina ija, anawoloka mapazi khumi ndi anayi aja, n'kulowa pachipata kukafuna aphunzitsi. Ndinawaona pazenera akupereka moni kwa alonda ngati munthu wolowa m'nyumba ya apongozi.

Aphunzitsi atamva anagwira pakamwa. Anati iwo ankangofuna chitsanzo chamoyo, chosiyana ndi za m'mabuku, ndiye anasuzumira pazenera la ofesi yawo, anaona chitseko chobiriwira ndi ana awiri a madiresi okongola, n'kulemba. Sanaganize kuti tsambalo lingatuluke m'kalasi, ndipo za mtedza sankazidziwa n'komwe. Masana omwewo anabwera okha kwa atelala. Achimwene ananditenga kuti ndikhale mboni, nawonso amayi a mtedza anasiya lichero lawo kwa mnzawo n'kutsatira, ati nkhaniyi yadutsa m'manja mwawo.

M'chipinda mwa atelala munali mwa zii. Pa waya pomwe pamakhala zovala zodikira eni ake panali malaya awiri okha. Aphunzitsi anapepesa bwino ndithu, mosazungulira. Anati iwo amene amaphunzitsa anthu kuopsa kwa mawu ndiwo awotcha nawo munthu, ndipo ngati atelala akufuna kusuma, mlandu ulipo, angawauze ndi loya wabwino yemwe. Atelala anati za makhoti alibe nazo nthawi. Anati mayi inu simundidziwa, munaona chitseko basi, ndakukhululukirani. Kenaka analoza achimwene ndi sizasi, osawayang'ana.

“Koma awa amandidziwa.”

Aphunzitsi anafuna kuthandiza. Anati mwina bambowa sanawerenge, ndipo malamulo amamumvera chisoni munthu wongopatsira pepala osadziwa za m'kati. Atelala anaseka kaphwete kowawa.

“Awa? Mayi, awa amawerenga ndi pepala la sopo lomwe. Funsani msewu wonse.”

Amayi a mtedza anavomereza kuti n'zoona, nthawi zina amadikira mapepala mpaka mtedza kupola. Onse anayang'ana achimwene. Ine ndinayang'ana pansi n'kupemphera pemphero lalifupi kwambiri pa moyo wanga.

“Sindinawerenge,” anatero achimwene. Mawu anatuluka aang'ono, osati a Ajaji. “Chaka chino chonse sindinawerenge pepala ndi limodzi lomwe. Ndikayang'ana ndimangoona nyerere zili pamzere. Milomo ndimangogwedeza.”

Atelala anawayang'ana koyamba sabata imeneyo. Anavula tepi m'khosi, anaika chala pa nambala ina, n'kuwayandikizira kumaso, ati tawerengani apa. Achimwene anatsinzinira, anabweza mutu m'mbuyo, anati makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu. Inali makumi asanu ndi atatu mphambu zitatu. Atelala anatembenukira kwa ine.

“Achemwali, inu simunama. N'zoona zimenezi?”

Ndinati n'zoona, ndipo masamba ndakhala ndikuwerengera ndine.

Ndinkayembekeza kuti aseka kapena awagwira dzanja. M'malo mwake anakwiya mwatsopano, koma mkwiyo wina, uja wa pachibale. Anati chaka chathunthu munthu akukhala nawe pa benchi, akukufunsa za mita ya nsalu, koma za maso ake osanena. Anati kunyada kwa mtundu umenewu n'kwa anthu amene sanagwirepo singano. Akulankhula choncho anakoka kabati ya pansi pa makina osokera, m'mene mumakhala mabatani, n'kutulutsa kabokosi ka malata. Munali magalasi awiri.

Apa ndi pamene chinsinsi cha atelala chinaululika nachonso. Msewu wonse umawatama kuti pa msinkhu wawo amalowetsa ulusi pa singano opanda magalasi. Zoona zake n'zakuti amafika m'mawa anthu asanabwere, amatseka chitseko, amavala magalasi, n'kulowetseratu ulusi wa mitundu yonse pa masingano makumi awiri, n'kuwabaya pa kapilo. Masana amangosolola. Akhala akuchita zimenezi zaka zinayi. Amayi a mtedza anaseka mpaka kukhala pansi pa mulu wa zigamba, ati msewu uno uli ndi akhungu awiri ndipo onse ndi otchuka ndi maso.

Atelala anawaveka achimwene magalasi amodzi, a mwendo womangidwa ndi ulusi wakuda, ine n'kuwapatsa kapepala kamafuta kaja. Achimwene anakagwira ndi manja awiri. Milomo inayamba kugwedera, ndipo ulendo uno ndinaona kuti ikutsatadi mizere. Atamaliza anavula magalasiwo, anapukuta m'maso ndi mkono wa jekete, n'kuwavalanso.

“Apa mlandu ulipo, Asizasi,” anatero. “Waukulu.”

“Ndiye gamulani, si ndinu jaji?”

Anagamuladi, ndipo sanadzikondere. Anati njira yachinayi ija siikuwapulumutsa kwathunthu, chifukwa imateteza munthu amene sanadziwe komanso panalibe chomuchititsa kuti adziwe. Iwo anali ndi lamulo lowerenga, analilengeza okha, n'kulisiya mwakachetechete uku akunamizira kulisunga. Aphunzitsi anagwedeza mutu, anati yankho limenelo akanalipatsa malikisi abwino. Atelala anafunsa kuti ndiye mlandu umenewo dzina lake n'chiyani. Achimwene anati ndi kusasamala.

“Lija phala la ana?”

“Lomwelo.”

“Zaka makumi awiri ndi zisanu mukuwerenga za akuluakulu, n'kudzagwa m'phala la ana,” anatero atelala, ndipo apa ndiye anaseka kuseka kwawo kwenikweni, kogwira m'nthiti.

Inatsala nkhani ya dzina la atelala, lomwe linali likadali m'ngalande. Aphunzitsi anati alemba kalata yopepesa, ya chidindo chomwecho, aikhome pa bolodi la dipatimenti. Achimwene, magalasi ali pamphuno, anabwerera pa mpando wawo woweruzira. Anati mawu okonza ayenera kuyenda njira yomwe anayenda mawu owononga, ndipo anthu a msewu uno sawerenga bolodi, amawerenga mtedza. Amayi a mtedza anati ngati ndi choncho, mayi inu mulembe kawiri pa tsamba limodzi, pamwamba ndi pansi, chidindo uku chidindo uku, chifukwa ine ndimang'amba pakati ndipo sindisintha. Aphunzitsi anatulutsa cholembera n'kulemba malangizowo ngati ali m'kalasi.

M'mawa mwake kalatayo inabwera. Inanena mosabisa kuti nkhani ya telala inali yopeka, yophunzitsira, kuti palibe kafukufuku aliyense amene anachitika, ndipo wolembayo akupepesa atelala ndi adzukulu awo. Tinachita makope mazana awiri abwinobwino, opanda mzere. Achimwene anawerenga limodzi mokweza ali chiimire pakhomo, atavala magalasi obwereka, ophunzira akudutsa n'kumawayang'ana. Mmodzi anafunsa kuti, Ajaji, magalasi mwayamba liti? Anayankha kuti mochedwa ndi chaka chimodzi, ndipo amene ali ndi makope a chaka chino awaonenso bwino. Palibe amene anawalanda dzina lawo. Ena anati tsopano ndiye akuoneka ngati jaji weniweni.

Kwa masabata awiri aliyense wogula mtedza pa msewu uno ankadya ndi chipepeso. Anthu ena anagula kawiri kuti aone ngati pepala lachiwiri likunena zosiyana. Sindinganene kuti onse anakhulupirira, poti bodza limayenda pagalimoto, chipepeso pansi. Bambo wa tepi uja sanabwerenso. Koma mpukutu wa kwaya unabwerera, ndinaunyamula ndine pamutu, ndipo waya wa atelala unayamba kudzaza. Aphunzitsi anabweretsa nsalu yawo kuti awasokere siketi, n'kunena kuti zotsala asokere ana aja. Ndamva kuti nkhaniyi tsopano amaiphunzitsa kwa a digiri yachiwiri, atapempha chilolezo kwa atelala, koma m'kalasimo telalayo anasanduka wometa tsitsi ndipo alibe chitseko.

Achimwene tinawaperekeza kukayezetsa maso, ine ndi alamu anga, wina mbali iyi wina mbali iyo kuti asathawe. Ali ndi magalasi awoawo, ndipo ayambiranso kuchedwetsa ophunzira.

Chitseko cha buluu chija chinkawawawa. Loweruka lina, atelala atapita kukagula ulusi, achimwene anatenga burashi ndi chitini cha penti yobiriwira n'kuyamba kupaka. Atelala anawapeza afika pakati. Anaima n'kuyang'ana, kenaka anafunsa kuti kodi kugwira chitseko cha mwini popanda chilolezo, m'mapepala muja amakutcha chiyani. Achimwene anati umenewo ndi mlandu ndithu, wa akuluakulu, osati phala la ana. Atelala anati chabwino, malizani, musasiye mizere ngati makina anu.

Teni koloko itakwana ndinawatulutsira tiyi. Pa benchi panali makapu awiri. Ndili m'kati ndikumenya sitepula ndinamva achimwene akukonza kukhosi, ndipo ndinadziwa funso lomwe linkabwera. Linakafika pa “Asizasi, mita yanga” n'kuima.

“Funsani, Ajaji,” anatero atelala. “Yankho ndabwera nalo.”